Njuchi yopanda mlonda pakhomo

Ndikanena kuti nyerere zikutha njuchi za ku Hawaii, zilumba za dziko la America, anthu amandiyankha chimodzimodzi: "Njuchi si zimaluma? Zidziteteza zokha." Yankho limeneli landitopetsa. Mukuganiza za njuchi za mumng'oma, zomwe zinachita kubwera nazo pazilumbazo mu 1857. Eni nthaka ndi ena, tinjuchi takuda ta mtundu wa Hylaeus, tamphongo take tokhala ndi banga lachikasu kumaso. Ilipo mitundu yoposa 60, ndipo mu 2016 boma la America linaika isanu ndi iwiri pa mndandanda wa zamoyo zotsala pang'ono kutha.

Kanjuchi aka sikapanga uchi, kalibe mfumukazi, kalibe asilikali. Mayi mmodzi amapeza bowo m'kanthambi kouma kapena m'mwala wa m'mbali mwa nyanja, n'kuikamo mungu ndi dzira, n'kuuluka kukafuna maluwa ena. Pakhomo sipatsala aliyense. Ndipo chomwe ambiri sachimva n'chakuti ku Hawaii kunalibiretu nyerere, zonse zinafika ndi katundu wa anthu. Ndiye kanjuchiko kakanaphunzira kuti kudziteteza?

Chimene chimandisowetsabe mtendere ndi cha Hylaeus anthracinus, mtundu umodzi wa tinjuchiti, pachilumba cha Oahu. Ofufuza anaika timatabwa toboola kuti tinjuchi tiziikiramo, kwina n'kutchinga njira ya nyerere ndi zomata. Kotchingako ana ambiri amakula. Kosatchingako nyerere zimalowa n'kudya dzira, mphutsi ndi mungu womwe. Maluwa alipo, mayi alipo, koma m'bowo mulibe kanthu.

Tsono kwabweranso Wasmannia auropunctata, kanyerere kosafika mamilimita awiri, komwe kanapezeka pachilumba chachikulu cha Hawaii mu 1999. Kamamanga m'mitengo momwe, mphepo ikawomba kamagwera anthu n'kuluma ngati moto, ndipo chisa chimodzi chimakhala ndi mafumukazi ambiri.

Apa ndi pomwe amalowera adyeramphoto onyamula mpope, olonjeza kuzitha tsiku limodzi. Bodza limenelo! Kupopera kumapha zoyenda panja, pamodzi ndi njuchi zomwe, koma mafumukazi amatsala n'kumaikirabe. Chimagwira ntchito ndi nyambo yapoizoni imene nyerere zimatutira kuchisa, yoikidwa mpaka m'nthambi, mobwerezabwereza kwa miyezi yambiri. A Hawaii Ant Lab, bungwe lolimbana ndi nyererezi, amalangiza kupaka chiponde pakamtengo, kusiya pabwalo kanthawi, n'kutumiza zomwe zagwidwa kuti akaziyeze. Amene amati tidikire mvula ithe amadzapeza zafalikira mudzi wonse, ndipo mbande imodzi yopatsana ndi mnansi imaziwolotsera kuchilumba china.