Magetsi a ku Joni anayamba kuthima mu 1998, kungoti sitinaone

Chaka cha 2025 Eskom, kampani ya boma ya magetsi ku South Africa, inamaliza kulumikiza jenereta yomaliza ya siteshoni ya Kusile kufupi ndi eMalahleni, ntchito yomwe inayamba 2008, ndiye mkangano wakale uja wabukanso wakuti kodi anapha magetsi a South Africa ndani, komanso masiteshoni akale a malasha atsekedwe liti. Ife amene tinakhala mu mdima wa 2023 kuno, chaka chomwe magetsi anathima masiku opitirira 300, nkhaniyi sitiimva ngati ya pa TV ayi. Anthu ambiri akangomva funsoli amayankha msanga kuti ndi a Gupta, banja la abizinesi lija, ndi a Zuma omwe anali pulezidenti, basi. Anaba inde, koma ine ndikawerenga mbiri yake ndimaona kuti chilonda chinayamba kale iwowa asanafike.

Zoyambirira ndingodutsamo. Kampaniyi inakhazikitsidwa 1923, ndipo dzina lake nthawi imeneyo linali ESCOM ngati yathu yakumudzi ija, inadzasintha kukhala Eskom mu 1987. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 boma la azungu linamanga masiteshoni akuluakulu a malasha ku Mpumalanga, monga Kriel, Matla, Duvha, Tutuka ndi Kendal, pafupi penipeni ndi migodi kuti malasha azingoyenda pa lamba kulowa m'ng'anjo. Anamanganso Koeberg ya nyukiliya kufupi ndi Cape Town yomwe inayamba 1984, kwinaku akugula ena ku Cahora Bassa ku Tete kudzera pa mawaya a makilomita pafupifupi 1,400, ngakhale a Renamo anagwetsa mapolo ake nthawi ya nkhondo mpaka anadzakonzedwa chakumapeto kwa ma 1990. Anamanga mopitirira muyeso moti magetsi anachuluka mpaka masiteshoni atatu, Camden, Grootvlei ndi Komati, anawatseka kaye kusowa owagwiritsa ntchito. Ndipo musaiwale kuti kuchulukako kunali chifukwa choti nyumba zambiri za anthu akuda zinalibe magetsi, pofika 1994 inali nyumba imodzi yokha pa zitatu zilizonse yomwe imayaka.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Mu December 1998 boma linatulutsa chikalata cha ndondomeko ya za mphamvu, chomwe amachitcha White Paper, ndipo m'menemo munalembedwa poyera kuti magetsi otsala aja adzakhala atatha cha m'ma 2007, ndiye chiganizo chomanga siteshoni yatsopano chimayenera kupangidwa isanathe 1999. Si mphekesera iyi, ndi pepala la boma lomwe, aliyense atha kuliwerenga. Siteshoni ya malasha simangidwa ngati nyumba ya njerwa zowotcha yoti chilimwe chimodzi yatha, imatenga zaka zambiri, ndiye mainjiniya a Eskom ankadziwa kuti akachedwa pang'ono basi zawavuta. Anapita kukapempha. Boma linati dikirani.

Chifukwa chake sichinali chopusa, tisaname. Nthawi imeneyo maganizo omwe anali ponseponse anali oti makampani a boma azigawidwa, anthu abizinesi alowemo apikisane, ndipo boma la Thabo Mbeki linkafuna kuti gawo lina la magetsi, pafupifupi 30 peresenti, lizipangidwa ndi makampani omwe si a boma. Komanso ndalama zinali ndi pogwira pambiri, nyumba, madzi, masukulu, kukokera mawaya m'makomboni omwe azungu anawasiya mu mdima. Koma abizinesi aja sanabwere, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva, magetsi a Eskom anali otchipa kwambiri, mwa otchipitsitsa padziko lonse, ndiye ndani angaike mabiliyoni ake pomanga siteshoni kuti azikagulitsa pa mtengo womwe subweza n'komwe ndalama zomangira? Zaka zinapita, Eskom itamangidwa manja, abizinesi kulibe, uku nyumba mamiliyoni zikulumikizidwa, migodi ndi mafakitale zikukula. Mu 2001 kampaniyi inalandiranso mphoto yoti ndi yopambana padziko lonse pa za magetsi, pomwe nthawi yomanga inali ikutha. Chilolezo chomanga chinadzabwera chakumapeto kwa 2004, zaka zisanu zitatayika.

Ndiye 2007 inakwana ndendende monga pepala linanenera. Magetsi anayamba kuthima, ndipo mu January 2008 migodi ya golide ndi platinamu inaima masiku angapo chifukwa Eskom sinathe kutsimikiza kuti anthu ali pansi pa nthaka akhala ndi magetsi owatulutsira. Mbeki mwini wake, mu December 2007, anavomera pagulu kuti Eskom inkanena zoona ndipo boma ndi lomwe linalakwitsa. Ine mawu amenewa ndimawatenga kuti ndi umboni wolemera kuposa zonse zomwe andale ena anadzalankhula pambuyo pake, chifukwa munthu anadzitsutsa yekha akadali pampando.

Zotsatira zake zonse zinabadwa mu phuma limeneli. Medupi ku Lephalale ndi Kusile anaziyamba mothamanga, iliyonse ya ma megawati pafupifupi 4,800, ndipo kuti mumvetse kukula kwake, jenereta imodzi yokha ya Medupi imaposa Nkula, Tedzani ndi Kapichira kuziphatikiza pamodzi. Kampani yomwe inatha zaka zambiri osamanga chachikulu inali itataya anthu ambiri odziwa ntchitoyo, mapulani sanapse, maboila anatuluka ndi zolakwika, mitengo inakwera kuwirikiza. Pomwe pali phuma ndi ndalama zambiri akuba sachedwa. Hitachi, kampani yomwe inapatsidwa ntchito ya maboilawo, inalipira madola 19 miliyoni ku America mu 2015 pa nkhani ya ubale wake ndi Chancellor House, kampani yogwirizana ndi ANC, ngakhale sinavomere kulakwa. Komiti ya jaji Zondo, yomwe inkafufuza za katangale m'boma, inafukula za Tegeta, kampani ya a Gupta, ndi mgodi wa malasha wa Optimum. Zomwe ananena André de Ruyter, yemwe anali mkulu wa Eskom, pa TV mu February 2023 zoti magulu a zigawenga akudya Eskom ndipo andale akuluakulu akudziwa, ena amazikhulupirira zonse ena amati amadziyeretsa poti mu nthawi yake ndi momwe kuthima kunafika poipa, ndipo poti mayina sanawatchule pa kuyankhulako ine ndimaziika pansi pa zomwe Zondo analemba atamva mboni. Nthawi yonseyi masiteshoni akale ankawathamangitsa osawapumitsa kuti akonzedwe, ngati minibasi yomwe bwana akukana kuti ipite ku galaja chifukwa tsiku lililonse ikufunika pamsewu.

Lero magetsi ambiri a dzikoli, pafupifupi 80 peresenti, akuchokerabe ku malasha. Mu 2021 ku Glasgow mayiko olemera analonjeza madola 8.5 biliyoni kuti South Africa isiye malasha pang'onopang'ono, America inadzatulukamo mu 2025. Ofuna kutseka ali ndi mfundo yeniyeni, amene anadutsapo ku eMalahleni m'nyengo yozizira akudziwa utsi wake, ndipo mu March 2022 khoti lalikulu ku Pretoria linagamula kuti mpweya woipa wa dera limenelo ukuphwanya ufulu wa anthu. Koma Komati, yomwe anaidzutsanso m'zaka za mavuto zija, inatsekedwa mu October 2022 kuthima kuli pachimake, World Bank n'kuvomereza madola 497 miliyoni kuti pakhale za sola ndi mabatire, ndipo ntchito zatsopanozo zinachedwa pomwe ogwira ntchito za makontirakiti, ogulitsa zakudya pa geti ndi obwereketsa zipinda anali atataya kale pogwira. Nduna ya za magetsi Kgosientsho Ramokgopa nayo inadzadandaula poyera ndi momwe zinayendera kumeneko. Camden ndi Grootvlei, anzake a Komati aja, limodzi ndi Hendrina, awawonjezera moyo mpaka 2030, ndipo anthu a ku Ermelo ndi ku Balfour, matauni oyandikana ndi Camden ndi Grootvlei, akuwerenga zaka zomwe zatsala.