Zaka 12 zomwe UCLA inalamulira basketball ya m'mayunivesite ku America

Ku America basketball ya m'mayunivesite si masewera otayira nthawi ana asukulu akaweruka. Mwezi wa Malichi uliwonse matimu amalimbirana chikho cha NCAA, bungwe loyendetsa masewera a m'mayunivesite, ndipo mpikisanowu ulibe chifundo: mukagonja kamodzi, nyamulani zikwama. N'chifukwa chake zomwe inachita timu ya yunivesite ya UCLA ya mumzinda wa Los Angeles zimavuta kuzimvetsa. Kuyambira 1964 kufika 1975 inatenga chikhochi maulendo 10, ndipo pakati pa 1967 ndi 1973 palibe timu ina inachigwirapo. Kumbukirani kuti wosewera wa pa yunivesite sakhalitsa. Kufika 1972 ankaloledwa kusewera m'timu yaikulu zaka zitatu zokha, kenako n'kumapita.

Dzina lomwe aliyense amatchula ndi la mphunzitsi wawo, John Wooden, wochokera ku Indiana. Chomwe ambiri amadumpha n'chakuti Wooden anafika pa UCLA mu 1948, n'kukhala zaka 15 osanunkha chikho. Timu yake inkapambana ndithu, koma inali imodzi mwa matimu abwino, basi. Malo ochitira maphunziro ankagawana ndi omenya jiminasitiki komanso olimbana, ndipo masewero ambiri apakhomo ankakachitikira m'mabwalo obwereka.

Ife ophunzitsa masewerawa timakonda kubwerera ku timu ya 1964, chifukwa ndi yomwe inalibe chifukwa chopambanira. Mwa asanu oyamba, panalibe wamtali kuposa masentimita 196, zomwe mu basketball n'kufupika. Wothandizira wa Wooden, Jerry Norman, ndiye anakakamira kuti ayese njira yotchedwa zone press. Mwachizolowezi, timu ikagoletsa imathamangira kwawo kukadikira adani. UCLA inkachita zosiyana. Ikangogoletsa, osewera awiri ankatsala pomwepo kutsekereza wolandira mpira, awiri ena ankadikira pakati pa bwalo, ndipo Keith Erickson ankaima yekha kumbuyo kudikira mpira woponyedwa mwamantha. Lamulo limati mpira uwoloke mzere wapakati m'masekondi 10. Ndiye taganizani mnyamata wapanikizidwa pakona, manja anayi ali pamaso pake, m'mutu akuwerenga masekondi. Amangoponya kulikonse.

Njirayi sikuti imalanda mpira nthawi zonse. Ntchito yake yeniyeni n'kukakamiza adani kusewera mwaliwiro lomwe sanalizolowere, mpaka miyendo ndi mutu zitope. Pa ndime yomaliza ya 1964 anakumana ndi Duke, yomwe inali ndi zimphona ziwiri za masentimita 208. Chakumapeto kwa chigawo choyamba UCLA inamwetsa mapointi 16 motsatizana Duke isanayankhe, ndipo masewero anatha 98-83. Osewera a UCLA, motsogozedwa ndi Walt Hazzard ndi Gail Goodrich, anamaliza chakacho atapambana masewero onse 30. Chaka chotsatira Goodrich anagoletsa yekha mapointi 42 pogonjetsa Michigan pa ndime yomaliza.

Zikho ziwirizo, pamodzi ndi bwalo latsopano la Pauley Pavilion lomwe linatsegulidwa mu 1965, zinakopa mnyamata yemwe mayunivesite ambiri ankamulimbirana: Lew Alcindor wa ku New York, wamtali masentimita 218, yemwe pambuyo pake anadziwika kuti Kareem Abdul-Jabbar. Poti a chaka choyamba sankaloledwa m'timu yaikulu, anayamba ndi timu ya anzake atsopano, ndipo pamasewero otsegulira bwalolo anawo anakwapula akuluakulu awo, akatswiri a dziko lonse, 75-60. Atalowa m'timu yaikulu, tsiku loyamba anagoletsa mapointi 56. Mu 1967 akuluakulu a malamulo analetsa dunk, kuja kolumpha n'kulowetsa mpira m'dengu ndi dzanja kuchokera pamwamba, ndipo anthu ambiri ankati lamulolo analipangira iyeyo. Chiletsocho chinakhala mpaka 1976. Sichinamufoole. M'zaka zake zitatu timuyi inapambana masewero 88, n'kugonja awiri okha.

Kumodzi mwa kugonjako kunachitika mu Januwale 1968 m'bwalo lalikulu la Astrodome ku Houston, pamaso pa anthu opitirira 52,000, masewero akuonetsedwa pa wailesi ya kanema dziko lonse. Alcindor anali atakandidwa m'diso masiku angapo m'mbuyomo, ndipo Houston inapambana 71-69, wosewera wake Elvin Hayes atagoletsa 39. Atakumananso mu Malichi pa semifayinolo, Norman anakonza zoti wosewera mmodzi azim'mamatira Hayes kulikonse, ena anayi n'kutseka malo. Hayes anapeza mapointi 10 okha, ndipo UCLA inapambana 101-69. Norman anasiya ntchitoyo chaka chomwecho. M'maganizo mwanga, mbiri sinamupatse gawo lomuyenera.

Apa m'pamene ndimauona ukatswiri wa Wooden. Mphunzitsi amene wapambana ndi njira inayake amaikakamira ngati chikhasu cha malemu bambo ake. Iyeyu anapambana ndi anyamata aafupi othamanga, n'kusintha zonse kuti mpira uzidutsa mwa chimphona chimodzi, ndipo Alcindor atachoka anasinthanso. Zikho za 1970 ndi 1971 zinabwera ndi Sidney Wicks ndi Curtis Rowe, pamene ambiri ankati ufumu watha. Zomwe sizinkasintha ndi maphunziro a tsiku ndi tsiku. Ankawalemba pa timakadi, chochita chilichonse ndi mphindi zake, ndipo ankasunga zolembazo kuti chaka chamawa aone zomwe zinagwira ntchito. Tsiku loyamba ankawakhazika pansi anyamata otchukawo n'kuwaphunzitsa kuvala sokosi: kuikoka bwino, kusalaza makwinya pa chidendene ndi pa kachala kakang'ono, kenako kumanga nsapato molimba. Zimaseketsa, koma wosewera wa matuza kumapazi sangathamange bwalo lonse mphindi 40.

Kenako kunabwera Bill Walton. Pa ndime yomaliza ya 1973, polimbana ndi Memphis State, anaponya mipira 22 ndipo 21 inalowa, mapointi 44. Nthawiyo UCLA inali mkati mwa ulendo wopambana masewero 88 motsatizana, womwe unayamba mu Januwale 1971. Omwe anawagonjetsa komaliza ulendowo usanayambe anali a Notre Dame, ndipo ndi omwewonso anauthetsa pa 19 Januwale 1974. UCLA inkatsogola 70-59 kutatsala mphindi zitatu ndi theka, koma sinagoletsenso, n'kugonja 71-70. Miyezi iwiri pambuyo pake North Carolina State ya David Thompson inawatulutsa pa semifayinolo, atawonjezera nthawi kawiri.

Pali zinthu ziwiri zomwe okonda kutamanda amazilambalala. Choyamba n'chakuti mpikisano wa nthawiyo unali waung'ono. Kufika 1974 munkalowa matimu osapitirira 25, ligi iliyonse inkatumiza timu imodzi yokha, ndipo magulu ankagawidwa motsata dera. UCLA inkayamba ndi matimu a kumadzulo, ndipo zaka zambiri masewero anayi ankakwana kutenga chikho. Lero munthu amafunika kupambana asanu ndi limodzi. Izi sizifafaniza zomwe anachita, poti ena onse ankasewera ndi malamulo omwewo, koma zimafotokoza chifukwa chake n'kovuta kuti wina adzabwereze.

Chachiwiri ndi Sam Gilbert, kontirakitala wolemera wa ku Los Angeles yemwe ankasamalira osewera. Malamulo a NCAA ankaletsa wosewera kulandira mphatso kwa ochemerera, koma osewera akale angapo ananena kuti Gilbert ankawathandiza kupeza zovala, magalimoto ndi zina. Mu 1981 NCAA inalanga UCLA n'kuilamula kuti isiyane naye, ngakhale milandu yomwe inatchulidwa inali ya pambuyo pa Wooden. Ine sindikhulupirira kuti Gilbert ndiye anapambanitsa timuyi, poti timu ya 1964 inalibe naye ntchito. Komanso sindikhulupirira kuti mphunzitsi woyang'ana makwinya a sokosi sankaona majekete atsopano omwe anyamata ake ankavala.

Mu 1975, atangogonjetsa Louisville movutikira pa semifayinolo, Wooden analengeza kuti masewero otsatira ndi ake omaliza. Timuyo inalibe Alcindor kapena Walton, koma inagonjetsa Kentucky 92-85 ku San Diego. Aphunzitsi omwe anamutsatira anavutika ndi ochemerera omwe ankaona ngati chikho ndi chawo chaka chilichonse. Gene Bartow anakhala zaka ziwiri zokha ngakhale ankapambana masewero ambiri. UCLA inadikira mpaka 1995, pansi pa Jim Harrick, kuti itengenso chikho cha nambala 11.