Kachilombo ka HPV sikadya khomo la chiberekero

Ambiri amakhulupirira kuti kachilombo ka HPV (human papillomavirus), komwe kamafala pogonana, kamadya khomo la chiberekero monga anankafumbwe amadyera chimanga, ndiponso kuti aliyense wokatenga adzadwala khansa. Zonsezi si zoona. Mwa anthu ochuluka, chitetezo cha m'thupi chimakagonjetsa pasanathe zaka 2.

Vuto limabwera pamene mitundu ina ya kachilomboka, makamaka HPV 16 ndi 18, yakhalitsa m'maselo, tizigawo ting'onoting'ono topanga thupi. Puloteni ya kachilomboka yotchedwa E6 imachititsa kuti puloteni ya m'selo yotchedwa p53 iwonongedwe, chonsecho p53 ndiyo imalamula selo lowonongeka kuti life, pomwe puloteni ina ya kachilomboka, E7, imagwira ndi kulepheretsa pRb, puloteni ya m'selo yomwe imaletsa selo kugawikana mwachisawawa. Motero selolo silidyedwa konse, koma limachulukana pamodzi ndi zolakwika zake, ndipo khansa imatha kudzaonekera patapita zaka 15 mpaka 20.