Kuchotsa machenjezo a compiler mu laibulale popanda kubisa vuto

Laibulale ya C (khodi ya m'chinenero cha C yoti mapulogalamu ena azigwiritsa ntchito) imene anthu ambiri akhala akuthiramo manja kwa zaka, mukaimanga ndi GCC kapena Clang yatsopano (ma compiler, zida zosandutsa khodi kukhala pulogalamu) imatha kulavula machenjezo mazanamazana. Popeza imamangika ndithu, ambiri amangoyang'ana kumbali. Choipa chake n'chakuti chenjezo limodzi lonena za cholakwika chenicheni limamira pakati pa anzakewo. Komanso laibulale ya open source simangidwa pa kompyuta yanu yokha. Chenjezo likakhala mu fayilo ya header, yomwe mapulogalamu ena amaitana kuti alumikizane ndi laibulale, aliyense wogwiritsa ntchito laibulaleyo amalilandira m'pulogalamu yake, pomwe iye sanalakwe kanthu.

Musanakonze chilichonse, werengani kaye. Mangani ndi -Wall -Wextra, sungani zotuluka zonse mu fayilo, ndipo muziike m'magulu potengera dzina la chenjezo lomwe lili kumapeto kwa mzere uliwonse. Chiwerengero chimatsika msanga, chifukwa header imodzi yoitanidwa m'mafayilo 50 imabwereza chenjezo lomwelo ka 50. Mangani ndi -O2, chifukwa -Wmaybe-uninitialized ya GCC imaona zambiri pokhapokha compiler ikamafufuza njira zomwe khodi imadutsa. Ma header a anthu ena alozeni ndi -isystem m'malo mwa -I, kuti machenjezo awo asasakanikirane ndi anu. Kenako gulu limodzi, commit imodzi, ndiye kuti gulu lililonse mulikonze ndi kulitumiza palokha. Wosamalira laibulale akhoza kuwerenga kusintha kwa mizere 30 ya mtundu umodzi, koma ya mizere 3,000 yosakaniza amangoisiya pambali.

Gulu lofuna mtima wofatsa ndi -Wsign-compare. Tinene kuti i ndi int, nambala yotha kutsika pansi pa 0, ndipo mwaiyerekeza ndi zotuluka mu strlen (yowerenga kutalika kwa mawu), zomwe ndi size_t, nambala yosatsika pansi pa 0. Tsiku limene i ili -1, C imaisandutsa kaye kukhala size_t, ndipo pa makina a 64-bit imakhala 18446744073709551615. Funso lakuti "kodi -1 ndi yochepa kuposa 5?" limayankhidwa kuti ayi. Njira yachidule ndi kuika cast (kulamula compiler kuti isinthe mtundu wa nambalayo), chenjezo n'kuzimiririka, koma cholakwika chija chimatsala momwemo, tsopano chopanda wochiloza. Funsani kuti i ingakhale -1 liti. Ngati singatero, isintheni ikhale size_t kuchokera pomwe yabadwira. Ngati -1 ikutanthauza kuti china chalephereka, iyang'aneni payokha musanayerekeze. Chenjerani apa: kusintha mtundu wa nambala mu function kapena struct yomwe anthu akunja amagwiritsa ntchito kumasintha ABI, ndiye kuti mmene mapulogalamu omangidwa kale amalumikizirana ndi laibulale, ndipo mapulogalamuwo akhoza kusweka.

Ena ndi opepuka. printf yosindikiza size_t ndi %d ipatseni %zu, yomwe ilipo kuyambira C99. Pa -Wimplicit-fallthrough, imene inabwera ndi GCC 7 mu 2017, werengani switch yonse muone ngati break inaiwalika kapena inasiyidwa dala, ndipo ngati ndi dala lembani poyera.

Chimene chimatiopsa kwambiri ife ogwira ntchitoyi ndi kuchotsa mzere umene sitikuumvetsa. Mu 2006, mu OpenSSL (laibulale yotetezera zinsinsi) ya Debian, umodzi mwa mitundu ya Linux, munachotsedwa mizere iwiri pofuna kutontholetsa Valgrind, chida china chofufuza zolakwika, chomwe chinkadandaula za memory yosaikidwamo kanthu. Mzere umodzi mwa iwiriyo ndi umene unkathira zinthu zosalosereka mu makina opangira manambala achinsinsi. Chotsala chinali nambala ya process yokha (nambala yomwe kompyuta imapatsa pulogalamu ikamayenda), yomwe sinkapitirira 32,768. Luciano Bello anatulukira zimenezi mu May 2008, ndipo makiyi a SSH ndi SSL opangidwa pa Debian ndi Ubuntu m'nthawi yonseyo anayenera kupangidwanso. Chenjezo likaoneka labodza, funsani amene analemba mbali imeneyo. Likatsimikizika kuti n'labodza, lizimitseni pamalo pomwepo ndi #pragma GCC diagnostic push, ignored ndi pop, n'kulemba chifukwa chake pamwamba.

Machenjezo akafika pa 0, tsekani chitseko ndi -Werror, yomwe imasandutsa chenjezo lililonse kukhala cholephereka. Koma muiike mu CI yokha (makina omanga ndi kuyesa khodi nthawi iliyonse ikasintha), pomwe mukudziwa compiler yomwe ikugwira ntchito, osati mu Makefile (fayilo ya malangizo omangira) yopita kwa anthu. Compiler yatsopano iliyonse imabwera ndi machenjezo atsopano, ndipo khodi yoyera lero ikhoza kukana kumangika kwa wina chaka chamawa. Linus Torvalds, amene anayambitsa Linux, anayatsa -Werror kwa onse pokonza Linux 5.15 mu September 2021, ndipo patangopita masiku ochepa anaibweza kuti iziyaka yokha pa zomanga zoyesera basi.

Ngati nthawi ili yochepa, yambani ndi -Wimplicit-function-declaration, -Wint-conversion ndi -Wincompatible-pointer-types. Kuyambira GCC 14 ya mu 2024, atatuwa salinso machenjezo chabe mu khodi ya C yamakono, koma zolephereka. Laibulale imene ikadali nawo simangikanso ndi compiler imeneyo.