Mlengalenga mwa America: mkangano wa amene agwire thumba

Pa 5 Juni 2017 Pulezidenti Donald Trump anaitanira atolankhani ndi akuluakulu a makampani a ndege ku White House, nakhala pa desiki n'kusainira pepala makamera akujambula. Woonera patali akanati lamulo ladutsa, koma ayi. Inali kalata yopita ku Congress, nyumba ya malamulo ya dzikolo, yopempha aphungu kuti ntchito yoongolera ndege mlengalenga ichoke m'manja mwa boma, ipite ku kampani yoima payokha yosafuna phindu. Pasanathe miyezi 9 nkhaniyo inali itafa. Sikanali koyamba kufa, ndipo mpaka lero imadzukabe nthawi iliyonse ndege zikachedwa kapena makompyuta akazima.

Ntchito imene akulimbiranayi ndi ya anthu amene wokwera ndege sawaona: amene amakhala pamwamba pa nsanja ya pabwalo, kapena m'chipinda chamdima atayang'ana rada, akuuza woyendetsa ndege kuti kwera, tsika, khota, dikira. Ku America ambiri mwa iwo, pafupifupi 14,000, ndi antchito a boma pansi pa bungwe la Federal Aviation Administration, FAA mwachidule, ndipo amalondolera maulendo okwana 45,000 patsiku. Bungwe lomwelo ndi limenenso limakhazikitsa malamulo a chitetezo cha ndege. Ndiye kuti FAA imagwira ntchito, n'kudzichonganso yokha.

Chodabwitsa n'chakuti ntchitoyi sinayambire m'boma la dziko lonse. Mu 1929 mzinda wa St. Louis unalemba mnyamata wina, Archie League, kuti aziima kumapeto kwa msewu wa ndege. M'mawa ankakankha wilibala muli mpando, ambulera, chakudya cha masana ndi mbendera ziwiri, yamawangamawanga youza ndege kuti ipite, yofiira youza kuti idikire. Ndege zitachuluka, makamaka kukakhala mitambo, makampani anayamba kuopa kuti ziombana. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: mu Disembala 1935 makampaniwo anasonkherana n'kutsegula malo awoawo olondolera ndege ku Newark, kenako ku Chicago ndi ku Cleveland. Kunalibe rada. Anyamatawo ankalemba pa bolodi ndi choko, n'kumasuntha tizitsulo pamapu otambasulidwa patebulo, uku akuimba foni ku maofesi a makampani kufunsa pamene ndege yafika. Mu Julayi 1936 boma linatenga malo atatuwo, ndipo makampani sanadandaule, chifukwa mtolo wa ndalama unali utawachoka.

Chimene chinamanga ntchitoyi ku boma kotheratu ndi maliro. Pa 30 Juni 1956 ndege ya kampani ya TWA ndi ya kampani ya United zinaombana pamwamba pa chigwa cha Grand Canyon, anthu onse 128 n'kufa. Zinali m'dera limene panalibe woziongolera aliyense. Lamulo linali lakuti woyendetsa aone yekha n'kupewa mnzake. Patatha zaka ziwiri Congress inakhazikitsa FAA. Mu 1970 inakhazikitsanso thumba lapadera, Airport and Airway Trust Fund, momwe mumagwera misonkho ya matikiti ndi ya mafuta a ndege.

Thumbali ndiye pagona nkhani yonse. Wokwera ndege ku America amalipira msonkho wa 7.5 peresenti pa tikiti, kuphatikizapo kandalama kena pa chigawo chilichonse cha ulendo. Ndalamazo zimalowa ndithu, koma FAA singazigwire mpaka aphungu avomereze bajeti ya chaka chimenecho. Aphungu akakangana pa nkhani ina, kaya ya inshuwalansi ya chipatala kaya ya khoma la m'malire ndi Mexico, ndalama za rada zimaima nazo limodzi. Zili ngati kumanga nyumba ya zipinda zambiri pamene mwini ndalama amangokupatsani za thumba limodzi la simenti pamwezi, osanena ngati mwezi wamawa adzaperekenso. FAA siloledwanso kukabwereka ndalama payokha kuti igule makina pakamodzi. Pakati pa 2007 ndi 2012 lamulo loipatsa mphamvu linatalikitsidwa mwa kanthawi kochepa maulendo 23, ndipo mu 2011 antchito ake pafupifupi 4,000 anakhala kunyumba milungu iwiri chifukwa aphungu sanagwirizane.

Pali chilonda china chakale chimene sichinapole bwino. Pa 3 Ogasiti 1981 oongolera ndege pafupifupi 13,000 a bungwe la PATCO ananyanyala ntchito, kufuna malipiro okwera ndi maola ochepa. Bungweli linali litathandiza Ronald Reagan pa chisankho cha pulezidenti cha 1980, koma Reagan anawapatsa maola 48 okha, ndipo atakana kubwerera anachotsa 11,345 n'kuwaletsa kudzagwiranso ntchito ya boma. Chiletsocho anachichotsa ndi Bill Clinton mu 1993. Zotsatira zake zikumvekabe. Anthu olowa m'malo analembedwa nthawi imodzi, ndipo popeza lamulo limati woongolera ndege apume akafika zaka 56, anadzapumanso nthawi imodzi. Komanso mu 1982, antchito atasowa, FAA inayamba kupereka nsanja za mabwalo aang'ono kwa makampani a kontrakiti. Lero nsanja zotere zapitirira 250, ndipo ngakhale amene amatsutsa kwambiri zochotsa ntchitoyi m'boma amaziteteza zikakhala m'dera la kwawo.

Ganizo lopatula ntchito yonse linakula makina atayamba kuchititsa manyazi. Mu 1988 FAA inapereka kontrakiti kwa IBM yokonza makompyuta atsopano, Advanced Automation System. Pofika 1994 ntchitoyo anaiphwasula madola pafupifupi 2.6 biliyoni atapita, ndipo ofufuza za chuma cha boma anapeza kuti pafupifupi 1.5 biliyoni mwa ndalamazo zinalowa m'madzi. Chaka chomwecho boma la Clinton, wachiwiri wake Al Gore ali patsogolo, linapempha kuti pakhale kampani ya boma yotchedwa U.S. Air Traffic Services Corporation. Congress sinaipatse mpata. N'zoyenera kukumbukira kuti oyamba kukankha ganizoli mwamphamvu anali a chipani cha Democratic, chifukwa mu 2017 chipani chomwechi ndicho chinaima mzere umodzi kukana.

Pamene Amereka ankakangana, maiko ena anangochita. New Zealand inapatula ntchitoyi mu 1987, Germany mu 1993 ndi kampani ya DFS, ndipo South Africa chaka chomwecho inakhazikitsa ATNS, imene imalondolera aliyense wa ife wotera ku Johannesburg. Koma onsewa ndi makampani a boma. Boma silinagulitse kanthu. Germany itafuna kugulitsa masheya ambiri a DFS mu 2006, Pulezidenti Horst Köhler anakana kusainira lamulolo ponena kuti likusemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Zitsanzo zimene mbali ziwirizi zimaponyerana ku Washington n'ziwiri basi: Canada ndi Britain.

Pa 1 Novembala 1996 kampani ya Nav Canada inagula ntchito yonse kwa boma pa madola a ku Canada 1.5 biliyoni. Ilibe masheya, ilibe mwini wodya phindu. Imalipiritsa ndege molingana ndi kulemera kwake ndi mtunda umene yauluka, imabwereka ndalama pamsika, ndipo zotsala zimabwerera ku makina kapena kutsitsa mitengo. Pa bodi ya anthu 15, makampani a ndege amasankha anayi, boma atatu, mabungwe a antchito awiri, eni ndege zing'onozing'ono mmodzi, ena anayi n'kukhala oima paokha, wotsalayo ndi mkulu wa kampaniyo. Boma linangotsala ndi udindo woyang'anira chitetezo. Pa makina, Canada inathamanga. Ku nsanja zambiri za ku America ulendo uliwonse unkalembedwabe pa kapepala kakatali kolowetsa m'kapulasitiki, kamene woongolera amakankhira mnzake ndi dzanja, pamene a ku Canada anali atasamukira kale pa kompyuta. Mu 2019 Nav Canada, kudzera mu kampani ya Aireon, inayamba kuona ndege pakati pa nyanja ya Atlantic pogwiritsa ntchito masetilaiti, malo amene rada sifika.

Britain inapita njira ina, ndipo inapunthwa msanga. Mu 1996 phungu wa chipani cha Labour, Andrew Smith, anauza msonkhano wa chipani chake kuti mlengalenga mwawo simogulitsa. Chipanicho chitalowa m'boma chinagulitsa: mu Julayi 2001 gulu la makampani a ndege linatenga 46 peresenti ya NATS, kampani yoongolera ndege m'dzikomo, antchito ake 5 peresenti, boma n'kutsala ndi 49. Patangotha milungu yochepa kunachitika zauchigawenga za pa 11 Seputembala ku America, maulendo owoloka Atlantic anagwa, ndipo kampani yolemedwa ndi ngongoleyo inatsala pang'ono kugwa nawo. Mu 2003 boma ndi kampani ya mabwalo a ndege, BAA, anathiramo mapaundi 65 miliyoni aliyense. Pa 28 Ogasiti 2023 pulani imodzi ya ulendo, imene inali ndi malo awiri a dzina lofanana, inasokoneza kompyuta ya NATS, ndipo anthu oposa 700,000 anavutika nazo.

Bill Shuster, phungu wa Republican wa ku Pennsylvania amene ankatsogolera komiti ya zamtengatenga, anasankha njira ya Canada. Anabweretsa bilu yake mu Febuluwale 2016, n'kuibweretsanso mu Juni 2017 Trump atamuikira kumbuyo. Makampani aakulu a ndege anaikonda, kupatula Delta imene poyamba inakana. Chimene anthu ambiri sanayembekezere n'chakuti NATCA, bungwe la oongolera ndege limene linabadwa mu 1987 m'malo mwa PATCO, nalonso linavomera. Anthu ake anali atatopa: mu Epulo 2013 anawadulira masiku a ntchito pofuna kuchepetsa bajeti, ndege zinachedwa dziko lonse, ndipo aphungu, amene nawonso amakwera ndege kupita kwawo sabata iliyonse, anakonza vutolo pasanathe sabata.

Amene anapha biluyo si a Democratic okha. Anali eni ndege zing'onozing'ono ndi majeti a anthu olemera, kudzera m'mabungwe awo a AOPA ndi NBAA. Jeti yonyamula mabwana asanu imadya nthawi ya woongolera mofanana ndi Boeing yonyamula anthu 180, koma imangolipira msonkho wa mafuta, umene ndi wochepa poyerekeza ndi wa matikiti onse aja. Pagulu sankanena za ndalama. Ankanena za matauni a kumidzi, ndege zonyamula odwala ndi zopopera mankhwala m'minda, kuti kampani yolamulidwa ndi makampani aakulu idzaika mtima pa Atlanta ndi Chicago n'kuiwala Kansas. Mantha amenewo sanali opanda pake, ngakhale kuti oyankhulawo anali ndi zawo zoteteza. Anapezanso liwu lomveka mwa Chesley Sullenberger, woyendetsa ndege uja amene anatera pa mtsinje wa Hudson mu 2009 anthu onse n'kupulumuka. Shuster anayesa kuwanyengerera. Anawachotsera malipiro atsopano onse. Pa bodi, pamene mu 2016 makampani aakulu anali ndi mipando 4 mwa 11, mu 2017 anawasiyira umodzi mwa 13, wina wa ndege za katundu, wina wa makampani aang'ono. Sanasunthe.

Panalinso ena amene sankafuula koma anali ndi mphamvu kuposa onse: aphungu a m'makomiti ogawa ndalama, a zipani zonse ziwiri. Munthu amene amasankha kuti rada iikidwe kuti ndipo ofesi iti isatsekedwe sapereka mphamvuyo mwaulere. Otsutsa anafunsanso chifukwa chake kampani yatsopanoyo itenge katundu wa boma osalipira kalikonse pamene Nav Canada inagula, ndipo ofesi ya Congress yowerengera bajeti inati biluyo iwonjezera kupelewera kwa bajeti ndi madola pafupifupi 100 biliyoni m'zaka 10. Ku Senate, nyumba ina ya Congress, Jerry Moran wa ku Kansas, kwawo kwa mafakitale a ndege zing'onozing'ono a Cessna ndi Beechcraft, anakanitsitsa ngakhale anali wa chipani cha Trump. Pa 27 Febuluwale 2018 Shuster anagonja biluyo isanavoteredwe n'komwe m'nyumba yonse.

Ine ndikuona kuti mbali zonse zimakokomeza. Chitetezo sindicho chimene chikulekanitsa njira ziwirizi. Canada ndi America onse amalondolera ndege bwino, ndipo ku America maulendo ndi ochuluka kutalitali. Nav Canada nayo ili ndi pofooka pake: popeza imadya za ndege zouluka, mliri wa Covid-19 utaimitsa maulendo inakweza mitengo ndi 29.5 peresenti mu 2020, n'kuchotsa antchito kuphatikizapo ophunzira, kenako n'kuyamba kusowa anthu maulendo atabwerera. Koma pa funso la ndalama zodalirika, a Shuster ankanena zoona, ndipo amene anawagonjetsa sanabweretse yankho lina.

Zaka zotsatira zasonyeza zimenezo. Boma litatseka masiku 35 chifukwa chosagwirizana pa bajeti, linatsegulidwa pa 25 Januwale 2019, tsiku lomwe oongolera ochepa anadwala n'kuimitsa ndege zopita ku bwalo la LaGuardia ku New York. Pa 11 Januwale 2023 kompyuta yotumiza machenjezo kwa oyendetsa ndege inafa, ndege zonse za m'dzikomo n'kuletsedwa kunyamuka, koyamba chichokereni 2001. Pa 29 Januwale 2025 ndege ya American Eagle inaombana ndi helikopita ya asilikali pamwamba pa mtsinje wa Potomac ku Washington, anthu 67 n'kufa, ndipo mu Epulo oongolera ndege za ku Newark anakhala pafupifupi masekondi 90 osaona ndege pa rada, osamvana ndi oyendetsa. Mkulu wogwirizira wa FAA anavomera pamaso pa aphungu kuti malo ena akugwiritsabe ntchito ma floppy disk, timadisiki takalekale ta kompyuta. Nduna ya zamtengatenga Sean Duffy, wa boma la Trump yemwe uja, anasankha kusadzutsanso mkangano wa kampani poopa kugawanitsanso anthu a ndege, n'kupempha ndalama za makina. Congress inapereka madola 12.5 biliyoni mu Julayi 2025. Pa 1 Okutobala boma linatsekanso, ulendo uno masiku 43, ndipo oongolera ndege, amene anali akupelewera kale ndi pafupifupi 3,000, anagwira ntchito osalandira malipiro mpaka FAA inalamula kuchepetsa maulendo pa mabwalo 40 aakulu. Boma litatsegulidwa, Duffy analengeza mphoto ya madola 10,000 kwa oongolera ndi amisiri amene sanajombe ngakhale tsiku limodzi. Anakwana 776.