Si Phungu Aliyense wa ku America Amene Amadya Bwino

Nkhani iyi yakhala ikumveka kwa zaka zambiri, yoti ukangosankhidwa kukhala phungu wa nyumba ya malamulo ya chigawo ku America, basi walemera. Sizili choncho.

Chigawo chilichonse mwa zigawo 50 chimadziikira chokha malipiro. Ku New Hampshire phungu amalandira madola 100 pa chaka, ndipo ndalamayi inalembedwa m'malamulo oyendetsera chigawocho kuyambira 1889. Ku Texas ndi madola 7,200 pa chaka, kuwonjezera apo amalandiranso ya chakudya ndi malo ogona pa nthawi ya zokambirana, zomwe zimachitika kamodzi pa zaka ziwiri, masiku osapitirira 140. N'chifukwa chake ambiri sasiya ntchito zawo zauloya, ulimi kapena bizinesi. Ku California kokha ndi zigawo zina zochepa ndiko malipiro amapitirira madola 100,000.

Chimasokoneza anthu ndi dzina loti seneta, lomwe aphungu ena a m'zigawo amatchedwa, poti limagwiritsidwanso ntchito kwa aphungu a dziko lonse a ku Washington.

Mukamva zoterezi, yambani mwafunsa kuti ndi chigawo chiti. Kenako onani tsamba la pa intaneti la nyumba ya malamulo ya chigawocho ndi chaka chimene chiwerengerocho chinalembedwa. Ngati simunatsimikize, musatumizire anzanu pa WhatsApp.