"Ndi msinkhu chabe, zitha zokha": Musachedwe ndi mawu amenewa pa matenda a maganizo

Munthu sakula thupi lokha. Maganizo ake ndi kakhalidwe kake pakati pa anthu zimasinthanso mpaka ukalamba. Mu 1950, katswiri wa zamaganizo Erik Erikson anagawa moyo wa munthu m'magawo 8.

Khanda, mpaka miyezi 18, limaphunzira kudalira anthu. Likalira n'kunyamulidwa, limadziwa kuti lili ndi wolisamala, choncho kunyamula mwana wolira si kumusasatitsa. Kufikira zaka 3 amafuna kudya ndi kuvala yekha, ndipo kumukalipira akataya chakudya kumamulowetsa manyazi. Kenaka amachuluka mafunso. Wa zaka 6 mpaka 12 amafuna kuoneka wokhoza, ndiye mukamamuyerekeza ndi anzake amadziona wolephera. Wamkulu amafuna mnzake wapamtima, pakati pa zaka 40 ndi 65 amafuna kulera ndi kuthandiza ena, ndipo akakalamba amakumbukira zam'mbuyo, mokhutira kapena modandaula.

Nkhawa yathu ili pa zaka 12 mpaka 18, pamene wachinyamata amadzifunsa kuti iyeyo ndani. Kutsutsana ndi makolo, kukonda kukhala ndi anzake, kusinthasintha kavalidwe, zimenezo n'za msinkhu ndithu. Koma mwana amene wadzitsekera m'chipinda, mbale ikubwerera yosakhudzidwa, usiku sakugona, mpira umene ankaukonda wausiya, anzake sakuwayankha, ndipo zatha sabata ziwiri, ameneyo sakungokula ayi. Angakhale akudwala matenda a nkhawa kapena okhumudwa kwambiri. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti mwana mmodzi mwa 7 a zaka 10 mpaka 19 ali ndi vuto la maganizo. Makolo ambiri amabwera ndi mwana kuchipatala mochedwa, atadikira miyezi kuti zitha zokha.

Chonde musadikire. Khalani naye pansi muli awiri, mumufunse modekha, mumumvetsere osamudula mawu. Akanena kuti kuli bwino kufa, kapena mukaona mabala odzicheka pamikono, mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Kufunsako sikumupatsa maganizowo. Musamusiye yekha, chotsani mankhwala, poizoni ndi zingwe, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Okalamba nawonso timawalakwira chimodzimodzi. Agogo akasiya kudya, kusamba ndi kucheza, musati ndi ukalamba. Apititseni akapimidwe, chifukwa matendawa ali ndi thandizo la uphungu ndi mankhwala pa msinkhu uliwonse.